Switchi yoyatsa ndi foni: yang'anani kaye mawaya amene ali m'khoma



Abale athu amene ali ku Joni akamabwera kudzaona kumudzi, m'zikwama mwawo masiku ano simukhala zovala ndi mafoni okha. Ena akubweretsa maswitchi a magetsi osalala ngati galasi la foni, olembedwa Sonoff kapena Tuya pabokosi pake, amene akuti munthu amayatsa nawo babu ali chigonere pabedi, kapenanso ali pamsika wa Lizulu nyumba ili pa Boma. Makolo angapo atifunsa ngati n'zotheka kungochotsa switchi yakale n'kuikapo yatsopanoyo. Funso lomweli likhoza kufikanso ku komiti ya mzikiti, chifukwa ndani sangafune kuti magetsi a pabwalo aziyaka okha anthu asanayambe kufika ku Swala ya Fajr, n'kumazima okha kukacha?

N'zotheka ndithu. Koma nkhani yonse yagona pa waya mmodzi wotchedwa neutral, amene m'nyumba zambiri za kuno safika pa switchi. Munthu amene sadziwa zimenezi amataya ndalama, ndipo akakakamira, akhoza kuika pangozi moyo wa banja lake.

Mmene babu la m'nyumba mwanu linalumikizidwira

Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavolti 230. Ophunzira a Fizikisi akudziwa kale kuti magetsi amayenda pokhapokha pali njira yopitira ndi yobwererera. Waya wa live ndi amene amabweretsa moto, wa neutral ndiye njira yobwerera, ndipo wachitatu, wa earth, amangokhala phee kudikira tsiku la ngozi, kuti moto ukalumphira pachitsulo uthawire pansi m'malo modutsa m'thupi la munthu. M'nyumba zambiri live ndi wofiira, neutral wakuda, earth wobiriwira. Mawaya a kapangidwe katsopano amasiyana: live ndi wabulauni, neutral wabuluu, earth wa mizere yobiriwira ndi yachikasu.

Switchi imene tinaizolowera ndi chipata chabe. Imadula waya wa live kapena kumulumikiza, basi. Yokha sidya magetsi, choncho neutral ilibe naye ntchito. N'chifukwa chake amisiri athu, potsatira kalumikizidwe ka ku Britain komwe tinatengeranso mapulagi a mano atatu aja, nthawi zambiri amayendetsa live ndi neutral kudenga, kuchoka pa babu ili kupita pa babu lotsatira, ndipo kukhoma amangotsitsira mawaya awiri: wina wotsika ndi moto, wina wobweza motowo kupita ku babu. Neutral amatsala kudenga. Mmisiriyo sanalakwe kapena kuba waya ayi, ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira kuyambira kale. Alipo amisiri ena amene amadutsitsa neutral m'kabokosi ka switchi n'kumumanga ndi konekita chakumbuyo, ndipo nyumba zoterozo zili ndi mwayi. Nyumba yanu ili gulu liti, sizidziwika poyang'ana kunja kwa khoma.

Switchi yoyatsa ndi foni ndi chinthu china. M'kati mwake muli kakompyuta kakang'ono, kawailesi kolandirira uthenga, ndi kachipata koyendera maginito kotchedwa relay, kamene kamalira kuti "tcha" babu likamayaka. Kakompyutako kamayenera kukhala maso usana ndi usiku ngati mlonda, ngakhale babu litazima, chifukwa kakagona palibe amene angamve foni yanu ikulamula. Kukhala maso kumafuna magetsi, ndipo magetsiwo amafuna njira yobwererera. Ndi chifukwa chake kumbuyo kwa maswitchi ambiri amtunduwu mumaona chilembo cha N pambali pa L.

Waya wakuda amanamiza

Apa m'pamene anthu amakodwa. Munthu amatsegula switchi yakale, n'kuona waya wofiira ndi wakuda, n'kusangalala kuti neutral wamupeza. Koma kawirikawiri waya wakudayo ndi uja wobweza moto ku babu. Mmisiri anangogwiritsa ntchito chingwe cha mawaya awiri chimene anali nacho, ndipo amayenera kukulunga tepi yofiira pa wakudayo kuti wobwera pambuyo adziwe kuti mumadutsa moto. Ambiri saikapo tepiyo, kapena inamatuka kalekale. Mukamulowetsa pa N, switchiyo siigwira ntchito bwino ndipo ikhoza kuwonongeka. Mukamugwira ndi dzanja poganiza kuti ndi neutral, shoko yake ndi yofanana ndi ya waya wofiira.

Pali msampha wina woipa kuposa umenewu, ndipo tikupempha akuluakulu a komiti kuti auwerenge kawiri. Wamagetsi wothamangira ndalama akaona kuti neutral palibe, amatha kutenga waya wa earth n'kumuika pa N. Switchi imayaka, foni imalamula, mwininyumba amalipira akumwetulira. Kuopsa kwake n'komweko, kuti zimaoneka ngati zatheka. Waya wa earth ndi yemwe uja walumikizidwa ku thupi lachitsulo la firiji, la ayironi ndi la kuka. Tsiku limene adzamasuke penapake, kapena chitsulo chake chokhomedwa pansi panja chidzadyeke ndi dzimbiri, moto wodutsa mu switchi ija ukhoza kukaonekera pa zitsulo zonsezo, ndipo woyamba kuupeza akhoza kukhala mwana wopanda nsapato amene akutsegula firiji. M'nyumba zimene muli breaker yozindikira kuti moto ukuthawira pansi, kalumikizidwe kotereka kamatha kuigwetsa pafupipafupi, ndipo timachenjezeratu kuti mankhwala ake si kuichotsa breakeryo. Kubwereka neutral kuchokera pa soketi yapafupi nakonso n'kosaloledwa, chifukwa mmisiri wina akadzazimitsa breaker ya masoketi n'kuyamba ntchito, adzapeza moto pa waya amene amayesa kuti ndi wakufa.

Nanga neutral akasowa, titani?

Ngati mawaya a nyumba yanu anadutsa m'mapaipi a m'khoma, mmisiri akhoza kukoka waya wina kuchokera kudenga kufika pa switchi, ntchito yosatenga nthawi. Ngati anangokwiriridwa mu pulasitala, ndiye kuti n'kugumula khoma, ndipo sitikuona chifukwa chowonongera nyumba kaamba ka babu limodzi.

Pamsika palinso maswitchi olembedwa kuti safuna neutral. Amenewa amaba moto pang'ono kwambiri n'kuudutsitsa m'babu momwemo ngakhale litazima. Mababu akale otentha aja a mawati 60 kapena 100 sankaonetsa kanthu, chifukwa moto wochepa chotero sungafiiritse kawaya ka m'kati mwake. Koma ife tonse tinasamukira ku mababu a LED, amene amayaka ndi moto wochepa zedi. Zotsatira zake n'zakuti babu lozimitsidwa limatsala likuwala mwachizimezime, kapena limaphethira usiku wonse, ana n'kumaopa kugona m'chipindamo. Opanga amaika m'bokosi kachipangizo kotchedwa capacitor, koti kamangidwe kudenga pafupi ndi babu kuti moto wobedwawo uzilambalala. Nthawi zambiri kamathandiza, koma taonani kuti mmisiri akwerabe kudenga.

Popeza kudenga akwerako ndithu, ife tikuona kuti njira yabwino ndi ina. Pali timabokosi ting'onoting'ono, tosasiyana kwenikweni kukula ndi bokosi la machesi, monga Sonoff Mini kapena Shelly ya ku Bulgaria, timene timamangidwa kumene kuli live ndi neutral, pafupi ndi babu. Mawaya awiri otsikira kukhoma aja amalumikizidwa ku kabokosiko, ndipo switchi yanu yakale imatsala pomwepo ikugwira ntchito monga kale. Agogo amayatsa ndi dzanja, mdzukulu amayatsa ndi foni, palibe wodandaula. Intaneti ikasowa, dzanja limagwirabe. Chenjezo lake ndi kutentha. Timabokosi tambiri totere tinalembedwa kuti tisakhale pamalo otentha kupitirira madigiri 40, ndipo amene anakwerapo pakati pa siling'i ndi malata mwezi wa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Bwanje, akudziwa mmene mumakhalira. Kabokosiko kaikidwe m'munsi, kutali ndi malata, ndiponso m'bokosi lotsekedwa loti makoswe asafikemo. Kusiya mawaya okulungidwa ndi tepi pamwamba pa siling'i n'kuitana moto.

Mtundu wina umene anthu sautchula kawirikawiri ndi umene ife tikuuona kuti ndi woyenera kwambiri kuno kwathu. Ndi switchi yopanda waya ngakhale mmodzi, yongomata pakhoma, imene imatumiza uthenga wa wailesi ku kabokosi kolandira kamene kali pa babu. Siifuna intaneti, siifuna foni. Ina imakhala ndi batire laling'ono longa la wotchi, ndipo ina ilibe n'komwe batire: mphamvu ya chala chanu podina ndi imene imasanduka kamoto kokwanira kutumiza uthengawo. Kampani ya EnOcean ya ku Germany ndi imodzi mwa zimene zinatchukitsa luso limeneli, ndipo tsopano pali zotchipa zambiri zopangidwa ku China. Taganizani za malo opangira wudhu. Munthu amachoka pampopi manja ndi mapazi zili chinyowere, pansi pali madzi, n'kukagwira switchi ya mavolti 230 imene mwina chivundikiro chake n'chosweka. Switchi yomata ija m'kati mwake mulibe moto wa ESCOM, ndiye ngakhale dzanja lonyowa silingagwidwe nayo. Imathandizanso pamene mukufuna switchi yachiwiri, monga pakhomo lolowera amayi, popanda kusema khoma. Ingokumbukirani kuti uthenga wa wailesi umafooka ukamadutsa makoma a njerwa zootcha, ndipo chitsulo chimautchinga, choncho kabokosi kolandira kasatsekeredwe m'bokosi lachitsulo, ndipo muyese kaye musanamate.

Zimene wogulitsa sanena za magetsi athu

Maswitchi amenewa anapangidwira maiko amene magetsi sazima kawirikawiri. Ife magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Magetsi akazima, switchi ya foni imafa ngati ina iliyonse. Funso ndi lakuti akabwera 2 koloko usiku, babu lichita chiyani? Zambiri zimalola kuti musankhe mu pulogalamu ya pafoni: liyake, likhale lozima, kapena libwerere mmene linalili. Za panja zisankhidwe kuti ziyake, za kuchipinda zikhale zozima. Osasankha, mudzadzutsidwa pakati pa usiku.

Nthawi nayo ndi nkhani. Maswitchi ambiri otchipa alibe wotchi yosunga nthawi magetsi akazima. Akadzuka amafunsa nthawi pa intaneti, ndipo ngati bandulo yatha, ndondomeko yonse ya kuyaka ndi kuzima imaima. Ndiye kuti m'nyumba kapena mumzikiti muyenera kukhala router kapena MiFi yoyaka usana ndi usiku, ya Wi-Fi ya 2.4 GHz, chifukwa ambiri mwa maswitchiwa sagwira ya 5 GHz. Hotspot ya foni ya bambo, imene imachoka nawo m'mawa kupita ku geni, siikwanira.

A komiti aganizirenso izi. Kuno ku Ntcheu dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko kumapeto kwa Novembala, koma mu Julaye limatuluka 6 koloko itadutsa. Nthawi ya Fajr imasuntha limodzi nalo, chimodzimodzinso ya Maghrib. Mukaika kuti magetsi aziyaka pa ola limodzimodzi chaka chonse, miyezi ina adzayaka anthu ataswali kale. Mapulogalamu ena amatha kutsatira kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa, koma pamafunika munthu wodziwa kuwakonza. Ngati cholinga n'chakuti mababu a panja aziyaka kukada n'kuzima kukacha, chipangizo chakale chija chokhala ndi kadiso koona kuwala, chimene m'mashopu amachitcha day-night switch, chimachita ntchitoyi popanda bandulo, popanda foni, ndipo sichisokonezeka ndi nyengo. Nachonso chimafuna neutral, koma chimamangidwa panja pafupi ndi babu pamene neutral alipo kale.

Mphenzi za nyengo ya mvula ndi kulumpha kwa mphamvu magetsi akamabwerera zimapha zipangizo zokhala ndi kakompyuta m'kati. Switchi wamba imatha zaka makumi osasinthidwa. Iyi musayembekezere zimenezo, pokhapokha mmisiri ataika chotetezera m'bokosi la ma breaker. Ndipo musaipatse katundu woposa msinkhu wake: mababu ambirimbiri a muholo pa switchi imodzi amakoka moto wambiri pa kamphindi koyaka, moti relay ikhoza kumatirira osazimanso. Pampu ya madzi, giza ndi kuka zisayandikire n'komwe pa switchi ya mababu.

Tiwerengere mayunitsi

Chipembedzo chathu chimaletsa israf, kuwononga zinthu mopanda phindu, ndipo babu loyaka masana dzuwa likuswa mtengo ndi israf yooneka ndi maso. Koma tisanathamange, tiyeni tichite masamu amene wophunzira wa Fomu 3 angathe. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Babu la LED la mawati 9 loiwalika maola 12 tsiku lililonse limadya mayunitsi pafupifupi 39 pachaka. Switchi ya foni imene ikudya wati imodzi pongokhala maso imatha mayunitsi pafupifupi 9 pachaka, ndipo router ya mawati 5 imatha pafupifupi 44. Kuphatikiza, mwawononga mayunitsi 53 kuti mupulumutse 39, bandulo tisanaiwerengere. Kwa babu limodzi kapena awiri, mwana woti azizimitsa m'mawa ndi wotchipa. Masamuwa amatembenuka mababu akachuluka: khumi a kunja kwa mzikiti kapena kwa hostel, oiwalika chimodzimodzi, ndi mayunitsi oposa 390 pachaka, ndipo apo chipangizo chozimitsa chokha chimabweza ndalama yake.

Ndalama za mzikiti ndi amana, zochokera m'matumba a anthu amene ena mwa iwo amagulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu wa M1. Choncho pali funso linanso lofunika kuliyankha musanagule: switchiyo idzalembetsedwa pa foni ya ndani? Maswitchiwa amamangiriridwa ku akaunti ya munthu mmodzi, amene amagawirako ena chilolezo. Munthuyo akasamuka, akataya foni, kapena pakabuka kusamvana, magetsi a nyumba ya Allah amatsala m'manja mwa munthu amene palibe. Akauntiyo ikhale ya komiti, ndipo mawu ake achinsinsi asungidwe ndi anthu osachepera awiri. Dziwaninso kuti uthenga wochoka pa foni yanu nthawi zambiri umakazungulira kaye pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko lino usanafike pa babu. Mu Epulo 2022 kampani ya Insteon ya ku America inazimitsa makompyuta ake mosachenjeza, ndipo makasitomala ake anadzuka mapulogalamu awo a pafoni atasiya kugwira ntchito. Amene maswitchi awo ankadinikanso ndi dzanja anapitiriza kuyatsa magetsi. Chilichonse chimene mungaike, muazini azitha kuyatsa ndi chala popanda kufunsa munthu.

Tikudziwa kuti ambiri mwa makolo athu magetsi a ESCOM alibe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi. Ngati mababu anu amayaka kuchokera ku batire la sola la mavolti 12, maswitchi a mavolti 230 amene tafotokozawa sangagwire ntchito kwanu, ndipo wachibale asavutike kukugulirani. Alipo ena opangidwira mavolti 12, koma nawonso amamwa batire usana ndi usiku, ngakhale masiku a mitambo amene solayo ikuvutika kale.

Ndani agwire ntchitoyi

Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya a magetsi m'nyumba. Kupempha mmisiri kuti akuonetseni chiphaso chake si mwano. Pogwira ntchito azimitse pa main switch, ayeze mawaya onse ndi chipangizo choyezera chimene wayamba wachiyesa pamalo pamene pali moto, ndipo ngati pakhomopo pali inveta kapena jenereta, nazonso zizimitsidwe. Ayezenso ngati switchi yakaleyo ikudula live, chifukwa zilipo nyumba zimene wina anadula neutral, moti babu limazima koma moto uli chikhalire pa chogwirira chake.

Chizolowezi chimodzi tikufuna chithe pakati pathu, chonena kuti "magetsi azima, tiyeni tikonze msanga asanabwere." ESCOM sigogoda pakhomo ikamabweza magetsi. Kuzima kwa magetsi si kuzimitsa main switch.

Kwa inu ophunzira, chidwi chanu pa zinthuzi n'chabwino ndipo tikuchilimbikitsa. Relay, maginito ndi njira za magetsi mungaziphunzire bwinobwino ndi mabatire a tochi m'kalasi, ndipo amene mtima wake uli pamenepa, maphunziro a zoika mawaya m'nyumba alipo m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Koma switchi ya m'khoma kwanu musaitsegule, ngakhale mutaonera mavidiyo angati pa YouTube. Ambiri mwa mavidiyowo ndi a ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120 ndipo waya wakuda ndiye wa live.

Amene muli ndi wachibale ku Johannesburg kapena ku Durban amene akufuna kukugulirani, mumuuze adikire mpaka mmisiri aone kaye. Mphamvu ya magetsi a ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, koma timabokosi tawo ta m'khoma ta mababu timakhala tatitali, pamene tathu tambiri n'tofanana mbali zonse, ndipo switchi yake imakhala ya mamilimita 86 uku ndi uku. Yogulidwa mosafunsa siikwana pabowo. Mmisiri akatsegula, ajambule chithunzi cha m'kati, anene ngati neutral alipo, ayeze kuya kwa kabokosi chifukwa maswitchi atsopanowa ndi onenepa kumbuyo, awerenge mababu amene ali pa switchiyo, ndipo aone ngati babu lomwelo limayatsidwanso pakhomo lina. Zimenezo ndi zomwe mutumize pa WhatsApp wachibaleyo asanalowe mushopu.